Zilembo ziwili pa thumba la mbeu: ndani analipila cimanga cimene tikudya?

Mvula ikangoyamba, Chunga amasanduka munda. Paliponse pamene palibe nyumba, m'mbali mwa mseu, kuseli kwa mipanda, kufupi ndi kamtsinje, mupeza amai atawelama ndi khasu, kathumba ka mbeu kali m'citenje. Pofika mu Febuluwale cimanga catalika kuposa munthu, ndipo posakhalitsa fungo la cimanga cowocha lili pa siteshoni iliyonse ya minibasi. Ambili a ife tinabadwila m'tauni ndipo sitinagwilepo pulawo, koma tonse tili ndi ambuya kapena amalume amene amakangana za mbeu monga mmene ife timakanganila za mpila. Afunseni mbeu imene anali kubyala kale. Adzakuchulilani maina omveka ngati nambala ya galimoto: MM603, MM604, MM752.

Zilembo ziwili zija, MM, zimaimila Mount Makulu. Ndi malo a kafukufuku wa zaulimi amene ali ku Chilanga, mukangotuluka mu Lusaka pa mseu wa ku Kafue. Anatsegulidwa mu 1953, ndipo lelo ndiye likulu la Zambia Agriculture Research Institute, imene ambili amangoti ZARI. Mbili ya malo amenewa ndi mbili ya funso limene sitikonda kufunsa tikamadandaula za mtengo wa unga: kodi ndani amalipila anthu amene amapanga mbeu, ndipo cimacitika n'ciani akaleka kulipila?

Atsamunda sanayambe kafukufuku cifukwa cokonda mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke. Migodi ya ku Copperbelt inali kufuna cakudya cochipa ca anchito ake, ndipo alimi acizungu a m'mbali mwa njanji anali kufuna msika wotetezeka. Mu 1936 panakhazikitsidwa bungwe loyang'anila malonda a cimanga, limene linagawa msika m'njila yokomela mzungu. Panali anthu ocepa amene anayang'ana kwina. Colin Trapnell, mwacitsanzo, anayenda mitunda yaitali wapansi m'zaka za m'ma 1930, kulemba za nthaka, mitengo ndi malimidwe a anthu a kuno, ndipo mabuku ake akali kugwilitsidwa nchito. Koma ndalama zazikulu zinali kupita ku mbeu za mlimi wa thilakitala.

M'nthawi ya citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambila 1953 mpaka 1963, nchito yaikulu yopanga mbeu za cimanga inali ku Salisbury, kumene lelo timati Harare. Kumeneko anayamba kufufuza cimanga ca haibulidi mu 1932. Mbeu yao yochuka, SR52, inatuluka mu 1960. Welengani bwino: zaka 28 za kulipila akatswili, kusamala minda yoyesela, kulemba zokolola caka ndi caka, nkhondo ya dziko lonse n'kubwela n'kupita, popanda kudula nchito. Alimi acizungu a kumeneko anali ndi mau m'boma, ndipo anaonetsetsa kuti ndalama zisaleke. SR52 inali yobeleka modabwitsa, koma inali kufuna mvula ya miyezi isanu, fataleza wokwanila ndi kubyala msanga. Mlimi wodikila ng'ombe za mnzake kuti alime, n'kubyala Khisimasi itayandikila, sanali m'maganizo a amene anaipanga.

Tsono ufulu unabwela mu 1964, dziko lonse lili ndi anthu pafupifupi 100 okha amene anatsiliza maphunzilo a pa yunivesiti. Caka cotsatila Ian Smith analengeza ufulu wake wa cipanduko, ndipo ubale ndi kumwela unaduka. Zambia inatsala ndi makolo a SR52 m'manja mwake, koma ndi anthu ocepa odziwa kuwasamala.

Apa tiime pang'ono, cifukwa ndi pamene pagona nkhani. Haibulidi ndi mwana wa makolo awili amene anasankhidwa ndi kusungidwa paokha kwa mibadwo yambili. Popanga mbeu, amabyala mizele ya "mai" ndi mizele ya "tate", n'kuthyola ngayaye za mai zisanatulutse mungu, kuti ndevu zake zilandile mungu wa tate yekha. Makolo aja ayenela kukhala oyela. Mphepo ikabweletsa mungu wa cimanga cina, kapena wina akasakaniza matumba m'nkhokwe, kholo limaipitsidwa, ndipo mwana amabadwa wofooka. Palibe amene amaona tsiku limodzi. Dzina pa thumba limakhala lomwelo, mtengo womwewo, koma zokolola zimatsika pang'onopang'ono. Ndi zimene zinacitikila SR52 wa ku Zambia. Akatswili ocokela kunja anali kubwela pa makontilakiti a zaka zocepa n'kupita, ndipo nchito yotopetsa yosunga makolo inalibe mwini weniweni. Pofika m'ma 1970, alimi anali kugula mbeu imene sinalinso ija anali kuidziwa.

Boma la a Kenneth Kaunda linadziwa kuti vuto ndi anthu. M'zaka zoyambilila za ufulu kunatsegulidwa Natural Resources Development College, NRDC, ija mumaiona kufupi ndi Chelstone mukapita ku eyapoti, kuti iphunzitse alangizi ndi oyang'anila mafamu kwa zaka zitatu. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo sukulu yake ya zaulimi inayamba mu 1971. Ku Monze ndi ku Mpika kunali makoleji a alangizi a m'midzi. Ku Kasisi, a Jesuit anayamba malo ao ophunzitsila alimi mu 1974. M'ma 1980 dziko la Japan linamanga sukulu ya madokotala a ziweto pa UNZA, imene inapatsidwa dzina la Samora Machel. Koma kuphunzitsa katswili wopanga mbeu sikuli ngati kuphunzitsa dalaivala. Digili yoyamba, yaciwili, mwina yacitatu, kenako zaka zina akugwila nchito pansi pa munthu wodziwa. Mwana wolowa giledi 1 pa tsiku la ufulu sakanatha kutulutsa mbeu yake asanakwanitse zaka 30.

Thandizo linacokela kumene simungaganizile. A Kaunda anali pa ubwenzi ndi Tito wa ku Yugoslavia. Kampani ya kumeneko ndi imene inamanga holo ya Mulungushi ya msonkhano wa maiko osatenga mbali mu 1970. Cakumapeto kwa m'ma 1970, ubale womwewo unabweletsa ku Mount Makulu katswili wa cimanga dzina lake Dusan Ristanovic. Nchito yake yoyamba sinali yocititsa cidwi m'pang'ono pomwe: kubyala makolo a SR52, kuyang'ana mmela uliwonse, kutaya wosokonezeka, kusunga woyela, n'kubwelezanso nyengo yotsatila. Kumayambililo kwa m'ma 1980 mbeu yoyeletsedwayo inatuluka ndi dzina latsopano, MM752. Nambala 52 inasungidwa pokumbukila kumene inacokela. Nambala yoyamba imanena za kutalika kwa nyengo: 7 ndi yocedwa kuca, 6 ndi 5 zapakati, 4 yofulumila. Mpaka lelo mukaona mbeu ya 4 kapena ya 5 mu shopu ya zaulimi, ndiye kuti ndi ya mvula yocepa kapena ya wobyala mocedwa.

Zaka khumi zotsatila ndizo zinali nthawi ya mwanaalilenji ya Mount Makulu. Dziko la Sweden, kudzela mu bungwe lake la SIDA, linatenga udindo wolipila nchito ya mbeu ndipo linathandiza kuyambitsa Zamseed mu 1981, kuti mbeu zotuluka mu kafukufuku zizicululukitsidwa ndi kugulitsidwa. America inabweletsa akatswili ake ndipo inatumiza acinyamata a kuno ku mayunivesiti ake. Kuyambila 1984, gulu la cimanga linatulutsa mbeu motsatizana: MM501, MM502, MM504, MM601, MM603, MM604, ndi zina zosakhala haibulidi monga MMV400 ndi MMV600, zimene mlimi angasunge n'kubyalanso. Izi zinali mbeu zoganizila mlimi wa khasu ndi ng'ombe, zoca msanga kuposa SR52. Panayambanso magulu ochedwa Adaptive Research Planning Teams, amene anali kuyesela mbeu m'minda ya alimi enieni, osati kuseli kwa waya wa siteshoni cabe, ndipo m'magulumo munali ngakhale akatswili a za cikhalidwe ca anthu. Pulogilamu ya Lima inaphunzitsa mlimi kuyeza munda wa kota ya hekitala ndi cingwe, n'kuthila fataleza ndi kakapu koyezela. Mau akuti "lima imodzi" amene ambuya anu amanena pochula kukula kwa munda anacokela pamenepo.

Julie Howard ndi Catherine Mungoma, amene anafufuza mbili imeneyi m'ma 1990 (a Mungoma anali mmodzi wa opanga mbeu pa Mount Makulu), anapeza kuti pofika 1992, pafupifupi magawo 6 mwa 10 a minda ya cimanga ya alimi ang'onoang'ono inali ndi mbeu zatsopanozi. Ndi maiko ocepa mu Africa amene anafikapo pamenepo pa nthawiyo.

Koma panali zinthu ziwili zobisika pansi pa cimwemweco. Coyamba, ndalama za kafukufuku zambili zinali za alendo. Cigawo ciliconse cinali ndi dziko lake locithandiza, aliyense ndi magalimoto ake, malamulo ake ndi tsiku lake lotsekela pulojekiti. Caciwili, mbeu zinafalikila cifukwa boma linali kulipila zina zonse: fataleza wochipa, ngongole zimene ambili sanabweze, NAMBOARD ndi makopaletivu ogula cimanga pa mtengo umodzi kaya uli ku Chongwe kapena ku Chama, ndiponso unga wochipa wa ife a m'tauni. Mtengo wa kopa unali utagwa kale mu 1975, ndiye zonsezi zinali kulipilidwa ndi nkhongole. Mu 1988 ndalama zothandizila cimanga zinafika pafupifupi 17 pelesenti ya bajeti yonse ya boma. Kafukufuku weniweni anali kudya kagawo kakang'ono poyelekezela ndi phili limenelo.

Zotsatila zake makolo athu amazikumbuka bwino. Mu Disembala 1986 mtengo wa unga wa bulekifasti utakwezedwa, ku Copperbelt kunabuka zipolowe. Mu 1989 kunabwela makuponi a unga ndipo NAMBOARD inathetsedwa. Mu Juni 1990 mtengo unakwelanso, ophunzila a pa UNZA anayamba zionetselo, makomboni a Lusaka anatsatila, ndipo anthu oposa 20 anafa. Kumapeto kwa sabata imeneyo Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, nkhani imene inatha m'maola ocepa. Mu 1991 UNIP inagwa. Thumba la unga linacita zimene andale otsutsa analephela kwa zaka zambili.

Boma latsopano la a Frederick Chiluba linadula zothandizila, linatsegula msika, ndipo cilala coopsa ca 1992 cinapeza zinthu zili pakati. Pa nkhani ya ngati kumasula msika kunali bwino kapena ai, anthu akali kukangana, ndipo ine ndimaona zoona mbali zonse. Cimene sindiona cifukwa cake ndi mmene nkhwangwa inagwela pa kafukufuku, amene sanali ndiye wodya ndalama zambili. Kulemba anchito atsopano m'boma kunaimitsidwa. Malipilo anadyedwa ndi kukwela kwa mitengo. Othandiza akunja anatseka mapulojekiti mmodzimmodzi. Anthu amene dziko linawatumiza kukaphunzila kunja anapita ku makampani, ku mabungwe othandiza, ku Botswana ndi ku South Africa, ndipo ena ambili anatengedwa ndi Edzi ali pacimake pa nchito yao. Ristanovic mwini wake anayambitsa kampani ya mbeu, MRI, imene inagulidwa ndi Syngenta mu 2013. Pofika 2008, ndalama zimene Zambia inali kuika mu kafukufuku wa zaulimi sizinafike ngakhale theka la 1 pelesenti ya cuma cocokela ku ulimi, pamene muyeso umene maiko a mu Africa amauchula ndi 1 pelesenti.

Wina anganene kuti, nanga vuto lili pati? Lelo mashopu a mu Cairo Road ndi a ku Soweto ali mbwee ndi mbeu za Seed Co, Pannar, Pioneer, Zamseed ndi ena, ndipo Zambia imagulitsa mbeu za cimanga kunja. Ndi zoona, ndipo si cinthu cocepa. Koma kampani imapanga cimene cingagulidwe caka ciliconse. Haibulidi imagulidwa caka ciliconse, cifukwa mukabyalanso zokolola zake mphamvu imatsika. Cinangwa sicitelo: mlimi amadula mtengo kwa mnansi wake n'kubyala. Kandolo, nyemba, nshawa, mapila, zonse mlimi amasunga yekha. Palibe phindu lalikulu pamenepo, ndiye ngati boma sililipila, palibe amene adzalipila.

Nkhani ya cinangwa ndiyo imandigwila mtima kwambili. Kumayambililo kwa m'ma 1980 kunalowa tizilombo toyela tokhala ngati ufa, timene tinaononga minda ya ku Luapula ndi kumpoto. Mankhwala ake sanali a m'botolo. Akatswili a bungwe la IITA anabweletsa kamavu kakang'ono kocokela ku South America, kumene cinangwa cinacokela, kamene kamaikila mazila m'thupi la kacilomboko. Pambuyo pake kagulu kocepa ka ofufuza, kothandizidwa ndi Sweden, kanayamba kusonkhanitsa mitundu ya cinangwa ya m'midzi ndi kuiyesa. Mu 1993 anatulutsa Bangweulu, Kapumba ndi Nalumino. Mu 2000 anaonjezela Mweru, Chila, Tanganyika ndi Kampolombo. Panalibe fataleza waulele, panalibe bungwe logula. Mitengo inangoyenda kucoka dzanja kupita dzanja, pa njinga ndi pa bwato, pa nthawi yeniyeni imene alimi a kumpoto anali kuleka cimanga cifukwa fataleza wadula. Kandolo wa Chingovwa amene mumagula pa mulu m'nyengo yozizila anadutsa m'manja mwa gulu lomwelo. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata, ena anali kupanga nshawa za MGV4 ndi kuyesa mitengo yobwezela nthaka conde. Ku Chisamba, Golden Valley Agricultural Research Trust, imene boma ndi bungwe la alimi la ZNFU anayambitsa mu 1993, inayesa ulimi wa maenje osunga madzi ndi kubyala pansi pa mitengo ya msangu. Zonsezi ndi nchito za ndalama zocepa, ndipo zambili zinali kuyenda malinga ndi moyo wa pulojekiti ya wina wake ku Stockholm kapena ku Oslo.

Mu 2002 boma la a Levy Mwanawasa linabwezeletsa fataleza wochipa, pulogilamu imene mu 2009 inasanduka FISP ndipo lelo imafikila alimi oposa 1 miliyoni. Mu 2003 atsogoleli a mu Africa analonjezana ku Maputo kuti 10 pelesenti ya bajeti izipita ku ulimi. Koma funso si kukula kwa mphika cabe. Ndi mmene nsima imagawidwila. Ofufuza a Indaba Agricultural Policy Research Institute, amene ofesi yao ili ku Kabulonga, akhala akuonetsa caka ndi caka kuti FISP ndi Food Reserve Agency zimatenga gawo loposa theka la ndalama za unduna wa zaulimi, ndipo kafukufuku, ulangizi ndi ulimi wothilila zimagawana makombo. Cifukwa cake sicovuta kumva. Thumba la fataleza limaoneka, limajambulidwa, limafika cisankho cisanafike. Mbeu yatsopano imafuna zaka 8 kapena 10, ndipo nduna imene inasaina ndalama zake idzakhala itaiwalika tsiku loitulutsa.

Si kuti zonse zinaima. Mu 2012 ZARI, mothandizana ndi HarvestPlus, inatulutsa cimanga ca olenji cokhala ndi vitamini A. Mu 2013 World Bank inabweleketsa Zambia pafupifupi madola 30 miliyoni pa pulogilamu yogwilizana ndi Malawi ndi Mozambique: ife kutsogolela pa nyemba ndi mbeu za mtundu umenewo, Malawi pa cimanga, Mozambique pa mpunga. Malabu anakonzedwa, acinyamata anatumizidwa kukacita madigili apamwamba. Koma onani mau aja: inabweleketsa. Ndipo pulogilamuyo inali ndi tsiku lothela, ngati zinzake zonse za m'mbuyo. Pamene mbozi zija za fall armyworm zinalowa m'minda cakumapeto kwa 2016, boma linacita kutuma asilikali kunyamula mankhwala, ofufuza akuthamangila kumvetsa mdani amene anali atafika kale.

Kenako 2024. Pa 29 Febuluwale a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse: mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a cimanga anali atauma. Zokolola zinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, osakwana theka la caka cam'mbuyo. Ku Chunga tinaziona m'njila ziwili: tuminda twa m'mbali mwa mseu tunapsa cimanga cisanabeleke, ndipo pa kantemba anthu ambili anayamba kugula pamela m'malo mwa thumba. Kariba itaphwa, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Caka cotsatila mvula inabwela ndipo zokolola zinaposa matani 3.5 miliyoni, ndiye nkhani ya mapila, mawele ndi cinangwa, imene aliyense anali kuikamba pa wailesi m'nthawi ya njala, inazilala msanga.

Pali malo amodzi pafupi ndi Lusaka amene ndalama zake zinakonzedwa mosiyana, ndipo ndi ocepa amene amawadziwa. Ku Chalimbana, m'njila ya ku Chongwe, kuli SADC Plant Genetic Resources Centre, nkhokwe ya mbeu za makolo za maiko onse a kuno kumwela. Maiko a Nordic atavomela kuthandiza mu 1989, anapangana za zaka 20, osati zitatu kapena zisanu, ndipo mgwilizano unali wakuti gawo lao lizitsika pang'onopang'ono pamene gawo la maiko a SADC likukwela, mpaka eni ake atasenza katundu yense. Zinacitikadi motelo. M'nyumba imeneyo muli mafiliji odzaza ndi mapaketi a mapila, mawele, nyemba, nzama, maungu ndi cimanga ca makolo, zoumitsidwa bwino ndi kusungidwa pa madigili 18 pansi pa zilo. Pakapita zaka, wina ayenela kutulutsa paketi iliyonse, kuyesa ngati mbeu zikali kumela, ndipo ngati zayamba kufooka, kuzibyala m'munda, kuzichinga ku mungu wacilendo, kukolola, kuumitsa ndi kubwezela m'filiji. Ndi nchito yofanana ndi ija Ristanovic anapeza itasiyidwa pa Mount Makulu.